TEREZA WA KU LISIEUX NDI MIKANDA YACE

Pamene ndinali kucoka kwathu ku Njewa kudza kuno ku sukulu, agogo anga anandipatsa kacingwe ka mikanda khumi. Si kolona ai. Munthu akadzimana kanthu, kapena akacitira mnzace cabwino mobisa, amasuntha mkanda umodzi, ndipo madzulo amawerenga. Ndifuna kukuuzani, anzanga, za munthu amene anachukitsa mikanda yotereyi.

Thérèse Martin, amene timucha Tereza wa Mwana Yesu, anabadwa pa 2 January 1873 ku Alençon m'dziko la France. Amai ace anamwalira iye ali ndi zaka zinai, ndipo banja lonse linasamukira ku Lisieux. Mkulu wace Marie ndiye anampatsa mikandayo akali wamng'ono, ndipo kamwanako kankapisa dzanja m'thumba kawiri-kawiri kukasuntha mkanda. Musayese kuti kanabadwa kofatsa. Kanali ka liuma ndi kosacedwa kulira.

M'caka ca 1887 anapita ku Roma napempha Papa Leo XIII kuti amlole kulowa usisitere zaka zisanakwane. Analowa m'nyumba ya Akarimeli mu 1888 ali ndi zaka 15. Nchito zace zinali kusesa ndi kucapa. Sisitere wina pocapa ankamthira madzi akuda kumaso, koma iye anapirira osadandaula.

Cimene candigwira mtima ndi ici: atakula anaona kuti Mulungu sali ngati mwini sitolo wowerenga makobidi, ndipo sanakondenso kuwerenga zabwino zace. Mu 1893 anatenganso mikanda, koma cifukwa cofuna kuthandiza sisitere mnzace basi. Anafa ndi cifuwa cacikulu pa 30 September 1897 ali ndi zaka 24. Papa Pius XI anamlemba pakati pa oyera mu 1925, ndipo mu 1927 anamuika nkhoswe ya mamishoni, ngakhale sanaturukemo m'nyumba ya usisitere ija.

Ine ndinayamba kunyada nayo mikanda yanga. Tsiku lina itakwana khumi, mnzanga wa m'cipinda anandipempha sopo, ndipo ndinammana poganiza kuti zabwino za tsikulo zakwana. Usiku tulo sitinabwere. M'mawa ndinampatsa sopoyo, osasuntha mkanda.

Mikandayo ndikali nayo m'thumba, pakuti ndikali mwana ndipo imandikumbutsa. Koma masiku ano madzulo sindiwerenganso.