Edel Quinn, Namwali wa ku Ireland Amene Anadzala Legio ya Maria M'dziko Lathu

Mwezi wa Malichi uli ndi masiku awiri otikumbutsa dziko la Ireland. Loyamba ndi la 17, tsiku la Patrick Woyera, pamene anthu a m'mizinda ya dzikolo, pamodzi ndi abale awo obalalika ku New York, ku Boston ndi kwina, amavala zobiriwira nayenda pamdipiti m'misewu ndi ng'oma ndi malipenga. Amakumbukira munthu amene anayamba kufika kwawo monga kapolo, nathawa, nabwereranso monga episkopi m'zaka za m'ma 400. Lachiwiri ndi la 25, tsiku limene mngelo analonjera Virgo Maria, pakuti ndi pa nyengo imeneyi pamene a Legio ya Maria amachita mwambo wawo wa pachaka wotchedwa Acies. Ife a ku Zomba, okhala m'tsinde mwa phiri lotipatsa madzi a Mulunguzi, mwambo wachiwiriwu timaudziwa bwino. Koma ndi angati mwa ife akudziwa munthu amene anaufikitsa kuno?

Edel Mary Quinn anabadwa pa 14 Seputembala 1907 ku Kanturk, m'chigawo cha Cork. Bambo wake ankagwira ntchito ku banki, ndipo banja lawo linkasamukasamuka kufikira linakhazikika mumzinda wa Dublin. Kumeneko Edel analowa ntchito ya ulembi kuti athandize makolo ake kulera azing'ono ake. Anali mtsikana wansangala, wokonda masewera ndi kuvina. Mnyamata wina wa ku France atamufunsira ukwati, iye anakana mwaulemu, pakuti anali atatsimikiza kale mumtima mwake zodzalowa m'chipani cha asisteri a Clara Woyera, amene amadzitsekera m'nyumba ya mapemphero moyo wawo wonse.

Podikira tsiku limenelo, Edel analowa Legio ya Maria ali ndi zaka 20. Bungweli analiyambitsa ndi Frank Duff ku Dublin pa 7 Seputembala 1921, ndipo maziko ake ndi akuti ntchito ya utumwi si ya ansembe ndi asisteri okha ayi, koma ya Mkhristu aliyense wobatizidwa. Kagulu kalikonse kamasonkhana kamodzi pa sabata mozungulira fano la Amayi Maria. Amanena Kolona, aliyense amafotokoza ntchito imene wagwira, ndipo mtsogoleri amawatuma awiriawiri kukachezera odwala, otaya chipembedzo ndi osabatizidwa, kwa maola osachepera awiri pa sabata. Edel anaikidwa kukhala mtsogoleri wa kagulu kamene kankafunafuna akazi oyendayenda m'makwalala osauka a mzindawo.

Koma za mawa sizidziwika. M'chaka cha 1932, nthawi yolowa chisisteri itayandikira, madokotala anamupeza ndi chifuwa chachikulu, nthenda imene masiku amenewo inalibe mankhwala enieni. Anagona m'chipatala cha Newcastle miyezi 18 osachira. Ataona kuti kugona sikumupindulira kanthu, anatuluka nabwerera ku ntchito, atatsimikiza kuti masiku amene amutsalira awagwiritse ntchito ya Mulungu.

M'chaka cha 1936 Ambuye John Heffernan, episkopi wa ku Ireland amene ankakhala ku Nairobi, anapempha kuti a Legio atumize nthumwi kuvuma kwa Africa. Dzina la Edel litatchulidwa, akuluakulu a bungwe ku Dublin anagawikana. Ena anati kutuma wodwala wotere kunali kumutuma kumanda, ndipo mawu awo sanali opanda nzeru. Tisawanyoze, pakuti ankalankhula chifukwa cha chifundo. Ena anati wodwalayo, amene ankadziwa bwino za nthenda yake, ndiye anali kupempha yekha kuti apite. Potsiriza anamulola. Anakwera chombo chotchedwa Llangibby Castle, nafika ku Mombasa pa 23 Novembala 1936, ali ndi zaka 29. Kwawo sanakuonenso.

Ku Nairobi anamuuza kuti ntchito yake sitheka, chifukwa Azungu, Agoa ndi Aafirika ankakhala motalikirana, ngakhale m'zinthu za tchalitchi. Iye sanachite makani. Anayamba timagulu pakati pa mitundu yonseyi, ndipo pa mwambo wa Acies anawasonkhanitsa pamodzi pamaso pa Amayi mmodzi. Kuchokera apo anayendera Kenya, Tanganyika ndi Uganda pa galimoto lakale la Ford, m'misewu ya matope ndi ya fumbi, nthawi zina kugona panjira galimoto litatitimira. M'chaka cha 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati ndipo zombo zikumizidwa, anaoloka nyanja kunka ku chilumba cha Mauritius.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho anafika m'dziko lathu, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, likulu la Boma lili kuno ku Zomba. Zomba inali isanakhale dayosizi payokha. Inali mbali ya Vikariyeti ya Shire, imene Ambuye Louis Auneau wa chipani cha Montfort ankaiyang'anira, pamene chigawo chapakati chinali m'manja mwa Ambuye Oscar Julien wa chipani cha White Fathers. Ansembe anali ochepa, mishoni imodzi inali ndi midzi yosawerengeka, ndipo mtolo waukulu unali pa mapewa a aphunzitsi ndi makatekisiti. Edel anayenda mishoni ndi mishoni, nalankhula kupyolera mwa otanthauzira, kuuza abambo ndi amayi a kumudzi, ambiri a iwo osadziwa kuwerenga, kuti iwonso angathe kukhala atumwi kwa anansi awo. Kunena zoona, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndi kuno kwathu kumene thupi lake linagonja. Anadwala kamwazi, kenaka malungo, ndipo m'chaka cha 1941 anagweratu ku Lilongwe atatsala mafupa okhaokha. Anamutumiza ku South Africa, kumene anagona m'chipatala cha Springkell pafupi ndi Johannesburg, pambuyo pake ku chipatala cha mishoni cha Umlamli. Ali chigonere choncho sanaleke kulemba makalata olimbikitsa timagulu timene anatisiya. M'chaka cha 1943 anabwerera ku Nairobi nayambanso ntchito, ngakhale mphamvu zinali zitatha. Anamwalira kumeneko pa 12 Meyi 1944, ali ndi zaka 36, ndipo anamuika m'manda a amishonale ku mishoni ya St Austin's. Kadinala Suenens wa ku Belgium analemba buku la moyo wake, ndipo pa 15 Disembala 1994 Papa Yohane Paulo II analengeza kuti Edel Quinn ndi Wolemekezeka, imene ili sitepe imodzi pa njira yomutchula Wodala.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. M'dziko lathu Edel sanakhalemo ngakhale chaka chathunthu. Sanamange tchalitchi, sukulu kapena chipatala chimene tingaloze ndi chala. Anasiya anthu. Pamene Zomba inapatulidwa kukhala vikariyeti m'chaka cha 1952, ndi kukhala dayosizi m'chaka cha 1959 pansi pa Ambuye Lawrence Hardman, iye anali atagona kale m'manda. Komabe amayi awiri amene mumawaona akupita ndi Kolona m'manja kukazonda wodwala akutsata ndondomeko imene iye anaphunzitsa makolo athu.

Tsono inu a Legio, pamene mudzayandikira mbendera ya Amayi Maria pa Acies, mukumbukire namwali ameneyu, mupempherere kuti Eklezia adzamutchule Wodala. Ndipo inu amene mumati ntchito ya Mulungu mudzayamba mukadzapeza mpata ndi thanzi, muwerenge zaka zake: Edel anagwira ntchito mu Africa zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, ndipo panalibe tsiku limodzi limene anali wangwiro.