Malemu Eric Liddell, mphunzitsi amene adaimbira masewero Lamulungu

Anzanga okondedwa amene tidadutsa pasukulu yathu, ife a nthambi ya Lilongwe amene timakumana ku Area 10 takhala tikusonkha ndalama zogulira ana mipira ndi yunifolomu. Zimenezo n'zabwino ndithu. Koma mpira watsopano suletsa mwana kugenda woimbira timu yake ikagonja, ndipo ena mwa inu amene tsopano mukuphunzitsa masewero mukudziwa m'mene mipikisano ina ya sukulu imathera. N'chifukwa chake m'kope lino ndasankha kukuuzani mbiri ya malemu Eric Liddell, katswiri wa liwiro wa ku Scotland.

A Liddell adabadwa pa 16 January 1902 ku Tianjin m'dziko la China, kumene makolo awo ankatumikira mu London Missionary Society. Akadali aang'ono adawatumiza ku Eltham College ku London, sukulu yogonera komweko ya ana a amishoni. M'chaka cha 1920 adalowa University of Edinburgh kukaphunzira sayansi, ndipo kumeneko adakumana ndi kochi wawo, a Tom McKerchar. Adasewereranso dziko la Scotland masewero a rugby kasanu ndi kawiri mu 1922 ndi 1923.

Masiku amenewo othamanga ankadzikumbira okha timayenje topondapo poyamba liwiro. A Liddell ankayenda ndi kafosholo kakang'ono, ndipo akamaliza kukumba ankabwereka anzawo amene akupikisana nawo, kenaka n'kuwapatsa moni wapamanja mmodzimmodzi. Musaganize kuti adali munthu wosafuna kupambana, ayi. Mu July 1923 ku Stoke-on-Trent, pa mpikisano wa mayadi 440, mnzawo wina adawapunthwitsa iwo n'kugwa. M'malo moyamba mkangano adadzuka, kuthamangira anzawo amene adali atawasiya kutali, kuwapitirira onse, ndipo atafika pamzere womaliza adagwa ali wefuwefu.

Nkhani imene ambiri amaidziwa ndi ya masewero a Olympic a ku Paris mu 1924. Mipikisano yoyamba ya mamita 100, umene udali mtunda wawo weniweni, idaikidwa Lamulungu, ndipo iwo adakana kuthamanga chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Amene mudaonera kanema wa Chariots of Fire wa 1981 mukukumbukira kuti adamva zimenezi akukwera sitima, koma pamenepo opanga kanema adathira mchere. Zoona zake n'zakuti adadziwa kudakali miyezi ingapo, choncho iwo ndi a McKerchar adatembenukira ku mitunda ina. Adapata mendulo yachitatu pa mamita 200, ndipo pa 11 July adatenga golide pa mamita 400 m'masekondi 47.6, akuthamanga m'kanjira ka kunja kumene sakadatha kuona anzawo.

Chaka chotsatira adasiya kutchuka konseko nabwerera ku China kukaphunzitsa sayansi ndi masewero pa Anglo-Chinese College ku Tianjin. Adadzozedwa ubusa mu 1932, nakwatira mayi Florence MacKenzie a ku Canada mu 1934. Nkhondo itavuta, mu 1941 mayi ndi ana awiri adapita ku Canada. Mwana wachitatu adabadwira komweko, ndipo bambo ake sadamuone.

Tsono gawo limene ndikufuna aphunzitsi alimvetse ndi ili. Mu 1943 asilikali a Japan adatsekera a Liddell mu msasa wa Weihsien pamodzi ndi anthu ena akunja oposa 1,500, ana ambiri ali pomwepo, ena opanda makolo. Ife amene tidagona m'mahositelo tikudziwa zimene anyamata amachita akasowa chochita. A Liddell adatenga udindo wa masewero. Ankaphunzitsa sayansi ndi manotsi olemba pamanja poti mabuku padalibe, ankakonza mipikisano, ndipo ndodo za hockey zikathyoka ankazimanga ndi nsanza zong'amba ku nsalu zawo zomwe. Ana ankangowatchula kuti Uncle Eric.

Lamulungu lokha ndiye adakana kukonza masewero, monga momwe adakanira ku Paris. Anawo adaganiza zosewera okha popanda woimbira, ndipo masewerowo adathera m'zibakera. Lamulungu lotsatira, anthu adadabwa kuona a Liddell ali pabwalo akuimbira. Munthu amene adalola kutaya mwayi wa golide chifukwa cha tsikuli adalolera kugwira ntchito tsiku lomwelo kuti ana asavulazane. Ine ndimaona kuti apa sadasinthe maganizo. Lamulo la Sabata adalisunga pamene wotaya kanthu adali iwo eni, koma sadalole kuti ana ndiwo alipire.

Tikakumbukira aphunzitsi athu amasewero, amene timawatchulabe mpaka lero si amene ankatilalikira za ulemu pa asembule. Ndi aja ankabwera kubwalo ngakhale Loweruka, amene ankatulutsa katswiri wa timu yathu yomwe akatukwana woimbira, ngakhale kuti tigonja. Komanso tisabisane, mphunzitsi amene amalembetsa mnyamata wandevu mu timu ya ana, kapena kulola zothira mankhwala pagolo, waphunzitsa kale phunziro lake ngakhale asadatsegule pakamwa. A Liddell analibe bwalo labwino ngati la Civo kapena la Silver, analibe ngakhale chakudya chokwanira, koma ankapezekapo tsiku ndi tsiku.

Chakumapeto kwa 1944 adayamba kudandaula mutu ndi kufooka. Adamwalira mu msasamo pa 21 February 1945 ndi chotupa cha mu ubongo, ali ndi zaka 43, kutangotsala miyezi isanu ndi umodzi kuti asilikali a America amasule akaidiwo. Mu 1991 University of Edinburgh idaimika mwala wachikumbutso pamalowo, mu mzinda umene lero umatchedwa Weifang, ndipo mwalawo udachokera ku chilumba cha Mull ku Scotland.