Joseph Bates, Kaputeni Amene Anasiya Mowa Asanabatizidwe

Mu 1852 bambo wina wa zaka 60 anafika m'tauni ya Battle Creek, m'chigawo cha Michigan ku America, kumene sankadziwako aliyense. Anapita ku positi ofesi n'kupempha kuti amulozere munthu woona mtima kuposa onse m'tauniyo. Mkulu wa positi sanachedwe kuyankha. Anatchula David Hewitt, wamalonda oyendayenda nawo, wa mpingo wa Presbyterian. Mlendoyo anakagogoda pakhomo la a Hewitt, ndipo anakhala pansi n'kuphunzira Baibulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Banja la a Hewitt linakhala loyamba kusunga Sabata m'tauni imene pambuyo pake inadzakhala likulu la mpingo wathu.

Mlendoyo anali Joseph Bates. Ambirife dzinali tinalimva ku Pathfinder kapena pa phunziro la mbiri ya mpingo, tinaloweza kuti iwo ndi a James White ndi mayi Ellen White ndiwo anayambitsa mpingo wa Seventh-day Adventist, tinalemba mayeso, basi n'kuiwala. Koma funso lomwe anafunsa pa positi paja likutisonyeza mtundu wa munthu amene anali. Sanafunse za munthu wolemera kapena wophunzira. Ankakhulupirira kuti munthu wosanama pa kobiri sangakane choonadi akachiona, chifukwa ndi njira imene iwo eni anadzera.

A Bates anabadwa pa 8 July 1792 ku Rochester, m'chigawo cha Massachusetts, ndipo anakulira ku Fairhaven, mudzi wa m'mbali mwa nyanja. Mtima wawo unali pa zombo kuyambira ali mwana. Mu 1807, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 15, makolo anawalola kukwera chombo chopita ku London monga mnyamata wotumikira. Pobwerera anagwera m'madzi pamene shaki inali itatsatira chombocho kwa nthawi, koma anawavuula ali bwinobwino. Mu 1810, ali ku Liverpool, anagwidwa n'kukakamizidwa kulowa gulu la nkhondo lapamadzi la Britain. Nkhondo ya pakati pa Britain ndi America itabuka mu 1812, iwo anakana kumenyana ndi dziko lawo, motero anasanduka mkaidi mpaka kukathera kundende ya Dartmoor. Anamasulidwa mu 1815, zaka zisanu za unyamata wawo zitapita.

Munthu wotuluka m'moyo wotere tikanamumvetsa akanakhala chidakwa. Amalinyero a nthawi imeneyo ankapatsidwa mowa tsiku ndi tsiku ngati gawo la chakudya, ndipo kutukwana chinali chilankhulo cha pantchito. A Bates nawonso ankamwa ndi kutafuna fodya. Anakwatira Prudence Nye mu 1818, ndipo posapita nthawi anakwezedwa kukhala kaputeni.

Apa ndi pamene mbiri yawo imatigwira mtima. Mu 1821 anazindikira kuti ankayembekezera tambula yawo ya mowa waukali kuposa mmene ankayembekezerera chakudya chamasana. Zimenezi zinawaopsa, ndipo anasiya. Chaka chotsatira anasiya vinyo, ngakhale kuti pa maphwando a akaputeni anzawo ankasekedwa chifukwa chokana. Kenako anataya fodya, n'kuyamba kulimbana ndi lilime lawo kuti aleke kutukwana. Zonsezi ankachita asanabatizidwe, opanda mbusa wowayang'anira, opanda lamulo la sukulu, ali pakati pa nyanja pomwe aliyense m'chombomo ankamvera iwo ndipo panalibe wowadzudzula. Ife amene tinakulira m'sukulu zogonera za mpingo tikudziwa kuti khalidwe lina limatha tsiku lotsekera, chikwama chikangotuluka pageti. La a Bates linayambira kumene kunalibe geti.

Chikhulupiriro chinabwera pambuyo, ndipo chinalowa mwakachetechete. Mu 1824, pokonza katundu wa amuna awo, mayi Prudence anaika Chipangano Chatsopano chaching'ono pamwamba pa mabuku a nthano omwe a Bates ankatenga kuti azitayitsa nthawi paulendo. Anayamba kuwerenga. Paulendo womwewo mmalinyero wina dzina lake Christopher anadwala n'kumwalira, ndipo monga kaputeni, a Bates ndiwo anayenera kutsogolera mwambo wa maliro. Imfa imeneyo inawasowetsa mtendere. Mu October chaka chomwecho analemba pangano lodzipereka kwa Mulungu, ndipo mu 1827 anabatizidwa ku Fairhaven mu mpingo womwe akazi awo ankapemphera. Chaka chomwecho anathandiza kuyambitsa bungwe lolimbana ndi mowa kwawoko, limodzi mwa mabungwe oyambirira otere ku America.

Ulendo wawo womaliza, pa chombo chotchedwa Empress, ndi umene ife ophunzira za uphunzitsi tiyenera kuuyang'anitsitsa, chifukwa chombo sichisiyana kwenikweni ndi kalasi. Atangochoka padoko anasonkhanitsa amalinyero n'kuwauza malamulo. Mowa munalibe m'chombomo, kupatula pang'ono wa m'bokosi la mankhwala. Kutukwana kunaletsedwa. Aliyense anayenera kuitanidwa ndi dzina lake lonse, osati maina achidule kapena onyoza. Lamlungu, lomwe pa nthawiyo a Bates ankaliyesa tsiku lopatulika, panalibe kuchapa kapena kusoka, ndipo m'mawa ndi madzulo kunali mapemphero. Ena anang'ung'udza, koma kubwerera kunali kosatheka. Tinganene kuti a Bates anachenjera polengeza malamulowo chombo chili kale pamadzi, ndipo n'zoona. Komabe panalibe lamulo ngakhale limodzi limene iwo anali asanayambe kulisunga okha kwa zaka. Lamulo la maina lija ndi limene limatikhudza kwambiri. Kaputeni amene kale anagwidwa ngati mbuzi ku Liverpool anafuna kuti wantchito wotsikitsitsa aziitanidwa mwaulemu. Ulendowo utatha, ena mwa amalinyerowo anapempha kuti adzayende nawonso.

Koma ulendo wina sunakhaleko. Mu 1828 anapuma pantchito ali ndi zaka pafupifupi 36 ndi ndalama zoposa madola 10,000, chuma chambiri pa nthawiyo. Analima, anatumikira mumpingo, analowa m'gulu lotsutsa ukapolo. Mu 1839 analandira uthenga wa William Miller wa kubweranso kwa Yesu, ndipo anathira chuma chawo chonse pa ntchitoyo, mpaka kugulitsa nyumba. Kumayambiriro kwa 1844 anapita kukalalikira ku Maryland, dera la eni akapolo, kumene munthu wina anawaopseza kuti awakweza pamtengo n'kuwatulutsa m'mudzimo. Iwo anangopempha kuti pamtengopo aikepo chishalo, popeza njira inali yamatope ndipo kukwera kunali bwino kuposa kuyenda. Msonkhano unapitirira.

Pa 22 October 1844 Yesu sanabwere. A Bates anatsala opanda ndalama, anthu akuwaseka m'misewu ya kwawo komwe. Chaka chotsatira anawerenga nkhani ya T. M. Preble yonena za Sabata la tsiku lachisanu ndi chiwiri, anapita ku New Hampshire kukakambirana ndi mbusa Frederick Wheeler, ndipo anabwerako atatsimikiza. Mu 1846 anakhala pansi kulemba kabuku ka masamba 48 ka Sabata, komwe kanathandiza a James White ndi mayi Ellen White kuyamba kulisunga.

Nkhani ya ufa imadziwika kwambiri. Akulemba kabukuko, mayi Prudence anawauza kuti ufa wa buledi waperewera. A Bates anapita kukagula mapaundi anayi okha, osakwana ngakhale makilogalamu awiri, ndi kandalama komaliza m'thumba mwawo. Mayiwo, amene anazolowera kuona amuna awo akugula ufa wodzaza mbiya, atamva kuti ndalama zatheratu analira. Tsiku lomwelo ku positi kunali kalata yokhala ndi madola 10, ndipo chakudya chinagulidwa. Ngongole yotsala ya kwa wosindikiza inalipidwa mwachinsinsi ndi mnzawo Heman Gurney, wosula zitsulo.

Tikamafotokoza nkhaniyi pa Sukulu ya Sabata timathamangira pa madola 10 aja. Ife tikuona kuti misozi ya mayi Prudence nayonso ndi mbali ya mbiriyi. Amuna awo anatha chuma cha banja pa tsiku limene linapita popanda kanthu, kenako anayamba kusowa pakhomo miyezi yambiri akulalikira. Mayiwo sanavomereze Sabata mpaka mu 1850, ndipo pa zaka zonsezo a Bates ankalisunga okha m'nyumbamo. Sitinganene kuti anali munthu wosavuta kukhala naye. Analakwitsanso zina: anaikanso nthawi ina ya kubwera kwa Yesu, chaka cha 1851, ndipo a White anawatsutsa. Chomwe tingawayamikire n'chakuti anasiya maganizowo osapatuka n'kukayambitsa kagulu kawo, ngakhale kuti wowadzudzulayo anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka pafupifupi 30.

Pali khalidwe lina limene sitilitchula kawirikawiri. A Bates anasiya tiyi ndi khofi, ndipo pofika 1843 anasiyanso nyama, zaka 20 mayi White asanalandire masomphenya a zaumoyo mu 1863. Pa zaka zonsezo ankadya m'nyumba za abale amene ankadya nyama, ndipo sankasandutsa tebulo kukhala guwa. Ankatenga zimene amadya, zinazo n'kuzisiya, ndipo ankafotokoza pokhapokha akafunsidwa. Munthu amene sankachita manyazi kugogoda pakhomo la mlendo n'kumuphunzitsa Sabata tsiku lonse ankadziwa kutseka pakamwa pa nkhani ya mbale ya mnzake. Thupi lawo ndilo linkalankhula. Pamene atsogoleri achinyamata, kuphatikizapo a James White, ankadwaladwala, nkhalambayi inkayendabe m'chipale chofewa, ndipo ali ndi zaka za m'ma 60 ankabatiza anthu m'madzi amene anachita kuswa ayezi kuti alowemo. Tikaganiza za mikangano ya zakudya imene imabuka m'chipinda chathu chodyera ndi m'magulu a WhatsApp, timalakalaka ena mwa ife akanatengerako kudziletsa kwa pakamwa kumeneku, osati kwa m'mbale kokha.

Mu 1858 banjali linasamukira ku Monterey, ku Michigan komweko. Mu 1860 a Bates anatsogolera msonkhano wa ku Battle Creek umene unasankha dzina la mpingo, ndipo amene anapereka ganizo loti tizitchedwa Seventh-day Adventist anali David Hewitt, wamalonda uja wa pa positi. Mu 1861 a Bates anakhala wapampando woyamba wa Michigan Conference.

Ukalamba wawo sunali wopanda zisoni. Mwana wawo wamwamuna, Joseph, amene anatsata bambo ake pa ntchito ya panyanja, anamwalira ali paulendo mu 1865. Mayi Prudence anamwalira mu 1870, atakhala m'banja zaka 52. A Bates anapitirizabe kuyendera mipingo mpaka chaka chotsatira. Anamwalira pa 19 March 1872 ku chipatala cha mpingo ku Battle Creek, atatsala miyezi yochepa kuti akwanitse zaka 80, ndipo anaikidwa pafupi ndi akazi awo kumanda a Poplar Hill ku Monterey.