Marc Bloch: mlembi wa mbiri ya alimi amene anafera dziko lake

Marc Bloch anabadwira mumzinda wa Lyon ku France m'chaka cha 1886. Mu 1929, iye ndi Lucien Febvre anakhazikitsa magazini ya Annales, yomwe inachotsa maso a olemba mbiri pa mafumu ndi nkhondo n'kuwalozetsa kwa alimi.

Ngakhale sanali wotsatira Karl Marx pa ndale, Bloch analemekeza zolemba zake. M'buku lake lotchedwa La Société féodale, lomwe linatuluka mu 1939 ndi 1940, anafotokoza za nyengo yakale ku Ulaya pamene alimi ankagwirira ntchito eni malo pofuna polima ndi chitetezo. Kwa anthu a ku Chiringa m'boma la Phalombe, izi zikukumbutsa thangata, amene Alhomwe ambiri ochokera ku Mozambique anakumana naye m'minda ya atsamunda m'chigawo cha kummwera.

Germany italanda France, Bloch, yemwe anali Myuda, analowa gulu lomenyera ufulu mobisa. Apolisi a Gestapo anamugwira, kumuzunza ndi kumuwombera pafupi ndi Lyon pa 16 June 1944.