Mbiri ya Guglielmo Marconi, Mnyamata Amene Anatumiza Mawu Popanda Waya

Chaka ndi chaka, pa Loweruka loyandikana ndi tsiku la 25 Epulo, pamachitika chinthu chimene ambiri a ife ana a sukulu sitichidziwa. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana amatchera makina awo a wailesi usana ndi usiku, maola 24 athunthu, nayitanizana m'mlengalenga pokumbukira munthu mmodzi amene anamwalira kalekale. Anthuwa si olengeza nkhani ayi, koma ndi aja amene amakhala ndi timawailesi tawotawo totumizira ndi kulandirira mawu kunyumba kwawo, osafuna malipiro, chifukwa chongoikonda ntchitoyo. Pa Chingerezi amawatcha ma radio amateur. Tsiku lawoli dzina lake ndi International Marconi Day. Tsono kuti timvetse chifukwa chake amamkumbukira chotere, tiyeni tione mbiri ya mwini dzinali.

Guglielmo Marconi anabadwa pa 25 Epulo 1874 mu mzinda wa Bologna ku Italy. Atate ake, a Giuseppe Marconi, anali olemera ndithu, eni minda yaikulu. Amayi ake, a Annie Jameson, anali a ku Ireland. Chifukwa cha ichi mwanayo anakula akulankhula zinenero ziwiri, Chitaliyana ndi Chingerezi. Maphunziro ambiri anawalandira kunyumba kwa aphunzitsi olembedwa ndi makolo ake, ndipo sanalembedwe konse monga wophunzira wa pa yunivesite. Koma anali wokonda kuwerenga za magetsi, kotero kuti Augusto Righi, mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesite ya Bologna, anamlola kuti azimvera nawo maphunziro ake.

Masiku amenewo telegalafu inalipo kale, koma uthenga sunkayenda popanda waya. Kumene waya wathera, uthenga unkatheranso pomwepo. Sitima ya pamadzi ikangochoka padoko ndi kubisika kuseri kwa madzi, inali yokhayokha. Ikapeza tsoka pakati pa nyanja panalibe njira yoitanira thandizo, ndipo abale a anthu okweramo ankangodikira kufikira atataya mtima.

Mu 1894, ali ndi zaka 20, Marconi anawerenga za ntchito ya Heinrich Hertz, katswiri wa ku Germany amene anamwalira chaka chomwecho. Hertz anali atasonyeza kuti moto wa magetsi ukathetheka pakati pa zitsulo ziwiri, pamabadwa mafunde osaoneka amene amafalikira ponseponse, monga momwe amachitira mafunde a m'dziwe mukaponyamo mwala. Akatswiri ambiri ankangowayesa mafundewa m'zipinda zawo zophunzirira. Mnyamatayu anadzifunsa funso lina: kodi mafunde amenewa sangathe kunyamula timadontho ndi timizere ta Morse, zizindikiro zija zimene telegalafu imalembera mawu?

Anakwera m'chipinda cha pamwamba cha nyumba ya atate ake yotchedwa Villa Griffone, ku Pontecchio, m'mene kale ankawetera mbozi zopanga ulusi wa silika, nayamba kuyesa. Cholandirira chake chinali kachubu ka galasi kokhala ndi ufa wa zitsulo, luso limene analiyamba ndi Édouard Branly wa ku France. Mafunde aja akafika, ufawo unkagwirana, magetsi a m'batire n'kupeza podzera, belu n'kulira. Poyamba belu linalira kuchokera mbali ina ya chipinda chomwecho. Mu 1895 anatulutsa zipangizo zake panja, ndipo kumeneko anatulukira chinthu chachikulu: akalumikiza mbali imodzi ya makina ku nthaka ndi kukweza waya wa mbali inayo m'mwamba, mafunde ankapita kutali koposa. Chaka chisanathe uthenga wake unadutsa kaphiri ndi kumveka kuseri kwake, mtunda woposa mailosi imodzi. Amati amene anali kuseriko anaomba mfuti kumdziwitsa kuti uthenga wafika.

Popeza kwawo sanapeze omthandiza, ananyamuka ndi amayi ake kunka ku London mu Febuluwale 1896. Apa m'pamene Chingerezi chija chinamthandiza. England inali ndi sitima zambiri kuposa dziko lililonse, ndipo inkasowadi njira yolankhulira nazo. William Preece, injiniya wamkulu wa Positi Ofesi, anamlandira nampatsa mwayi wosonyeza luso lake. Mu Meyi 1897 uthenga unaoloka madzi kuchokera pa chilumba cha Flat Holm kufika ku Lavernock Point ku Wales. Chaka chomwecho analandira chikalata cha boma chotsimikiza kuti lusolo ndi lake, nakhazikitsa kampani yake. Mu Malichi 1899 anatumiza uthenga kuoloka nyanja ya pakati pa France ndi England.

Atatero anaika mtima pa nyanja yaikulu ya Atlantic. Anthu ophunzira ambiri anati n'zosatheka, pakuti dziko ndi lozungulira ndipo mafunde amayenda molunjika. Motero adzangopitirira kunka kumwamba osafika kutsidya. Marconi sanatsutsane nawo ndi mawu, koma anamanga malo aakulu otumizira ku Poldhu, m'chigawo cha Cornwall, mothandizidwa ndi John Ambrose Fleming. Mu Seputembala 1901 mphepo ya mkuntho inagwetsa milongoti yake, ndipo anamanganso ina yochepa. Kenaka anaoloka nyanja kunka ku St John's ku Newfoundland ndi omthandiza awiri, George Kemp ndi Percy Paget. Pa phiri lotchedwa Signal Hill anakweza waya m'mwamba ndi kaiti, mphepo yozizira ili kuomba koopsa. Pa 12 Disembala 1901 iye ndi Kemp ananena kuti amva timadontho titatu, chizindikiro cha chilembo S, kuchokera ku Poldhu, mtunda woposa mamailosi 2,000.

Ena sanakhulupirire, pakuti panalibe mboni yapadera, ndipo kufikira lero akatswiri amatsutsanabe za chimene chinamveka tsiku limenelo. Marconi anawayankha ndi ntchito. Mu Febuluwale 1902 anakwera sitima yotchedwa Philadelphia, nalemba pa pepala, pamaso pa mkulu wa sitimayo, mauthenga ochokera ku Poldhu pa mtunda wa mamailosi oposa 1,500. Anaonanso kuti usiku mafunde amapita kutali kuposa usana. Chifukwa chake chinadziwika bwino pambuyo pake: kumwamba kwenikweni kuli mpweya wokhala ndi magetsi umene umabweza mafunde kuti atsikenso pansi, monga kalilole abweza kuwala. Edward Appleton ndiye anatsimikiza ichi mu 1924. Nchifukwa chake nafenso timamva mawailesi akutali bwino dzuwa likalowa.

Phindu la ntchitoyi linaonekera poyera pa nyanja. Mu Januwale 1909 sitima yotchedwa Republic inagundana ndi inzake mu nkhungu. Jack Binns, woyendetsa wailesi ya m'sitimamo, anaitana thandizo, ndipo anthu oposa 1,500 anapulumuka. Chaka chomwecho Marconi analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Karl Ferdinand Braun wa ku Germany. Mu Epulo 1912 sitima yaikulu ya Titanic inagunda chiphiri cha madzi oundana nimira. Anyamata awiri a kampani ya Marconi, Jack Phillips ndi Harold Bride, anakhalabe pa makina awo madzi ali kulowa. Phillips anafera pomwepo, koma kuitana kwawo kunamveka ku sitima ya Carpathia, imene inatola anthu ngati 700. Anthu ngati 1,500 anamwalira. Sitima ina yotchedwa Californian inali pafupi koposa, koma woyendetsa wailesi yake anali atapita kukagona. Kuyambira pamenepo maboma anakhwimitsa malamulo kuti m'sitima zazikulu zonyamula anthu muzikhala womvera wailesi usana ndi usiku.

Pofika nthawi imeneyi anyamata ambiri ku America ndi ku Ulaya anali atayamba kupanga timawailesi tawo, kutsanzira chimene Marconi anachita m'chipinda chija. Mu 1912 boma la America linaika lamulo lowakankhira ku mafunde aafupi, a mamita 200 kutsika m'munsi, poganiza kuti amenewo ngopanda ntchito. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anyamatawo analimbikira komweko, napeza kuti mafunde onyozeka aja ndiwo amapita kutali ndi mphamvu yochepa. Mu Novembala 1923 Léon Deloy wa ku Nice ku France analankhulana ndi Fred Schnell ndi John Reinartz a ku America. Mu Okutobala 1924 Cecil Goyder, mnyamata wa zaka 18, pogwiritsa ntchito wailesi ya pa sukulu ya Mill Hill ku London, analankhulana ndi Frank Bell wa ku New Zealand, kutsidya lina la dziko lapansi. Taganizani, anzanga: wailesi ya pa sukulu inafika kumene makampani ankafikako ndi milongoti italiitali ndi ndalama zochuluka.

Marconi nayenso analikuyesa mafunde aafupi omwewo ali m'sitima yake yotchedwa Elettra, imene anaisandutsa nyumba yogwiriramo ntchito. Sanachite manyazi kusiya njira yake yakale ya mafunde aatali. Kampani yake inamanga malo otumizira mafunde molunjika ku dziko limodzi, monga tochi ilunjika kuwala kwake, ndipo pofika 1927 Britain inalumikizana motere ndi Canada, Australia, South Africa ndi India. Anachita zonsezi ali ndi diso limodzi, pakuti la kumanja analitaya pa ngozi ya galimoto mu 1912. Mu 1931 anamangira Papa Pius XI wailesi ya ku Vatican.

Mbiri yoona siibisa zipsera. Choyamba, Marconi sanapange wailesi yekha. Anamanga pa maziko a Hertz, Branly, Oliver Lodge, Nikola Tesla ndi ena, ndipo mu 1943 bwalo lalikulu la milandu ku America linagamula kuti zina zimene kampani yake inkati n'zake anali atazitulukira kale anthu ena. Luso lake lenileni linali kusonkhanitsa nzeru zomwazikana ndi kuzisandutsa chinthu chogwira ntchito. Chachiwiri n'cholemera koposa. Mu 1923 analowa chipani cha Fascist cha Benito Mussolini, nalandira maudindo aakulu mu ulamuliro umenewo. Pamene Italy inathira nkhondo dziko la Ethiopia mu 1935, iye anaikira kumbuyo nkhondoyo poyera. Ife a mu Africa sitingathe kuiwala chimenechi. Munthu amene luso lake linapulumutsa miyoyo pa nyanja anavomereza nkhondo imene inapha Aafirika ambirimbiri. Apa tiphunzirepo kuti nzeru za m'mutu ndi chilungamo cha mumtima ndi zinthu ziwiri, ndipo wokhala ndi chimodzi asaganize kuti ali nazo zonse.

Marconi anamwalira ndi nthenda ya mtima ku Rome pa 20 Julayi 1937, ali ndi zaka 63. Tsiku lotsatira mawailesi ambiri anakhala chete mphindi ziwiri pomlira.

Mwambo womkumbukira pa wailesi anauyambitsa ndi a Cornish Radio Amateur Club, a m'chigawo chomwe chija muli Poldhu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pa tsikulo magulu a ma amateur amatsegula mawailesi awo pa malo amene Marconi kapena kampani yake anagwirirapo ntchito: ku Poldhu, ku Signal Hill, ku Villa Griffone, ku Cape Cod ku America, ndi kwina kotero. Wailesi iliyonse ili ndi dzina lake loitanira, la zilembo ndi manambala. Ya ku Poldhu ndi GB2GM, ya ku Villa Griffone ndi IY4FGM. Zilembo zoyamba zimasonyeza dziko, kotero kuti womva dzina loyamba ndi 7Q amadziwa kuti mawuwo achokera ku Malawi, ndipo 9J ndi Zambia. Anthu ena onse ali kwawo amayesetsa kupeza malo a mbiriwo, ena ndi mawu a pakamwa, ena ndi timadontho ta Morse. Akamvana amauzana mayina oitanira ndi mphamvu imene mawu afikira, nalemba nthawi yake m'buku. Wolankhula ndi malo okwanira amalandira chikalata cha ulemu. Si ntchito yapafupi ayi, pakuti mpweya wa kumwamba uja umasinthasintha. Wina amadikira usiku wonse, namva mawu ofooka pakati pa phokoso, monga anachitira Marconi pa phiri lija.

Wina angafunse kuti, popeza lero tili ndi lamya za m'manja ndi intaneti, kuvutika konseku n'kwa chiyani? Yankho lake n'lakuti lamya ya m'manjayo nayonso ndi wailesi, yoyendera mafunde omwe aja. Ndiponso pamene chivomezi kapena madzi osefukira agwetsa milongoti ndi kudula mawaya, kawirikawiri ma amateur ndi batire lawo ndi waya womangirira pa mtengo ndiwo amathandiza kutumiza uthenga woitana thandizo.

Ma amateur amamkumbukira Marconi chifukwa anayamba monga mmodzi wa iwo: mnyamata wopanda digiri, m'chipinda cha pansi pa denga, ndi waya, batire ndi belu. Ife amene tili ndi aphunzitsi, mabuku ndi chipinda cha sayansi tayamba pabwino kuposa iye m'zinthu zina. Chotsala n'chakuti tikawerenga chinthu m'buku tisangochiloweza kuti tikhoze mayeso, koma tidzifunse monga anadzifunsira iye: kodi chimenechi chingathandize bwanji anthu?