Archimedes, Munthu Amene Anawerenga Mchenga

Mwana wa ku Chiponde akatsikira kunyanja ku Mangochi ndi kutapa mchenga dzanja limodzi, sakhoza kuwerenga timiyala take. Anthu akale ambiri ankayesa kuti mchenga ulibe chiwerengero. Koma panali munthu wina amene anakana zimenezi, dzina lake Archimedes.

Iye anali Mgriki, ndipo anabadwira m'mzinda wa Syracuse, pa chilumba cha Sicily, ngati chaka cha 287 Khristu asanabadwe. Atate wake Phidias anali wophunzira za nyenyezi. Archimedes anakula wokonda masamu, ndipo dzina lake likumbukikanso pa chipangizo chozungulira chokwezera madzi kuchokera kumtsinje kupita kumunda.

Masiku amenewo Agriki analibe dzina la chiwerengero choposa 10,000. Zazikulu zonse ankazitchula pobwereza dzina lomwelo. Tsono Archimedes analembera mfumu Gelon kabuku, nafotokozamo njira yotchulira ziwerengero zazikulu ndithu. M'menemo anaonetsanso lamulo ili. Chiwerengero cha 100 ndicho 10 × 10, makhumi awiri ochulukitsana. Cha 1,000 ndicho 10 × 10 × 10, makhumi atatu ochulukitsana. Pochulukitsa 100 ndi 1,000 munthu asavutike, angoonkhetsa 2 ndi 3, napeza 5. Yankho lake ndilo 1 wotsatidwa ndi maziro 5, ndiye 100,000. Ndi njira iyi anasonyeza kuti ngakhale thambo lonse, monga ankaliyesa kukula kwake, litadzala mchenga, timiyalato sitingapose 1 wotsatidwa ndi maziro 63.

Ali wokalamba, Aroma anazinga Syracuse ndi nkhondo. Archimedes anapangira anthu akwao zida zoponya miyala ndi zokola zombo, ndipo adaniwo analephera kulowa nthawi yaitali. Koma m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe mzindawo unagwa. Marcellus, mkulu wa asilikali a Aroma, anali atalamula kuti nkhalambayo asaiphe. Nkhani yakale imati msilikali wina anaipeza ikujambula za masamu pansi. Ndipo popeza sinafune kusiya ntchito yake isanathe, anaipha ndi lupanga. Marcellus anamva chisoni, nalemekeza abale a womwalirayo.

Lupanga silinaphe nzeru zake. M'chaka cha 1637 René Descartes wa ku France anafalitsa buku m'mene ankalemba a³ m'malo mwa a × a × a. Chifukwa chake lero mwana wa sukulu akaona a³ × a⁴ aonkhetsa 3 ndi 4, nalemba a⁷. Akaona a⁷ ÷ a⁴ achotsa 4 pa 7, nalemba a³. Pochita izi atsata mapazi a Archimedes, amene sanaope chinthu chifukwa cha kuchuluka kwake, koma anakhala pansi nafunafuna njira yochiwerengera.