Patrick Pearse, Mphunzitsi Amene Anafera Ufulu wa Ireland

Akhristu ambiri amalidziwa dziko la Ireland chifukwa cha ansembe ndi asisitere amishoni ochokera kumeneko. Dzikoli nalo linakhala zaka mazana ambiri pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo mmodzi mwa anthu amene anafera ufulu wake ndi mphunzitsi Patrick Pearse.

Pearse anabadwa pa 10 November 1879 mumzinda wa Dublin. Bambo ake anali mmisiri wosema miyala, amene ankapanga maguwa a m'matchalitchi. Mnyamatayu anaphunzira kwa abulazala a Christian Brothers, kenako anachita maphunziro a zamalamulo. Koma mtima wake sunali kukhoti. Chinkamuwawa n'chakuti chiyankhulo cha makolo ake chinali kutha, ndipo sukulu zinkachititsa ana manyazi ndi mtundu wawo.

M'chaka cha 1908 anatsegula sukulu ya anyamata yotchedwa St Enda's, kumene ana ankaphunzira m'chiyankhulo chawo pamodzi ndi Chingerezi. Iye ankakhulupirira kuti mwana amakula bwino akamalemekezedwa, osati akamaopsezedwa. Ngongole zinkamuvutitsa chaka ndi chaka, koma sukuluyo sanaitseke.

Pofika 1913 analowa gulu la asilikali odzipereka la Irish Volunteers. Lolemba la Pasaka, pa 24 April 1916, anaimirira kutsogolo kwa positi ofesi yaikulu ya Dublin n'kuwerenga chikalata cholengeza kuti Ireland ndi dziko loima palokha. Ena mwa ophunzira ake anali pambali pake, mfuti zili m'manja.

Nkhondoyo inatenga masiku asanu ndi limodzi. Mizinga ya asilikali a Britain inagumula nyumba zambiri pakati pa mzindawo. Anthu oposa 450 anafa, ndipo oposa theka la iwo anali anthu wamba, ana ali momwemo. Pa 29 April Pearse analamula anzake kuti atule zida, pofuna kuti magazi a anthu osalakwa asapitirire kukhetsedwa. Ankadziwa bwino lomwe kuti kugonjako kumutengera ku imfa.

Khoti la asilikali linamugamula kuti aphedwe. Usiku wake womaliza, kundende ya Kilmainham, analembera kalata mayi ake. Bambo Aloysius, wansembe wa chipani cha Capuchin, anamulapitsa ndi kumupatsa Ukaristia. M'bandakucha wa pa 3 May 1916 anaomberedwa ali ndi zaka 36. Tsiku lotsatira mng'ono wake Willie, amenenso anali mphunzitsi pa St Enda's, anaphedwa chimodzimodzi. Mayi awo sanapatsidwe mitembo: onse awiri anakwiriridwa ku Arbour Hill opanda mabokosi.

Kuphedwa kwa atsogoleriwo kunatembenuza mitima ya anthu, ndipo mu 1922 mbali yaikulu ya Ireland inayamba kudzilamulira. Mpaka lero anthu a kumeneko amatsutsana ngati kunali koyenera kuyamba nkhondoyo. Funsolo ndi lolemera, ndipo ana amene anafa m'misewu ya Dublin salola kuti liyankhidwe mopepuka. Komabe ndi bwino kukumbukira kuti munthu amene anatsogolera anzake kunyamula zida ndi yemweyo amene anawalamula kuzitula, ataona kuti osalakwa akutha.

Mzimu wake, ndi mizimu ya onse amene anafa sabata ya Pasaka imeneyo, iuse mumtendere.